Geti la a Jeremiah Ng'uni ndi malole a Kampani ya Nyundo

Anthu amene timawawerenga m'nyuzi nthawi zambiri ndi aja ovala mataye. Ine ndaganiza zolemba za munthu amene sanavalepo taye chibadwire, asibweni anga a Jeremiah Ng'uni a kwa Tembwe, alongo awo a amayi anga. Ndinatsiriza Sitandade 6 chaka chatha, ndipo manje ndili pamudzi kudikira mayankho a makalata ofunsira ntchito, amene sakubwera. Nthawi ndili nayo yambiri. Zimene ndalemba pano zina anandiuza eni ake, zina anandiuza akazi awo a Damaris NyaZimba, amene amakumbukira bwino mbali zimene eni ake amalumpha.

A Jeremiah anapita kumigodi ali mnyamata, monga amachitira amuna ambiri a kuno. Anagwira fosholo pansi pa nthaka zaka zisanu ndi ziwiri. Anabwerako mu 1951 ndi njinga, chifuwa chosatha, ndi chiphunzitso chimodzi chimene amachinena mpaka lero: mumgodi munthu wolumpha lamulo amatuluka atamunyamula. Chaka chotsatira boma linafuna munthu wolonda geti la kashembe pamsewu wokwera kumtunda, ndipo iwo anaipeza ntchitoyo.

Kwa amene sadziwa chigwa chathu ndifotokoze. Kuno kuli kashembe, ntchentche yoluma ija imene imapha ng'ombe ndi kudwalitsa anthu matenda a tulo. N'chifukwa chake ife timalima ndi khasu, pamene anzathu a kumtunda ali ndi makola. Kashembe ndi waulesi pouluka mtunda wautali, koma kukwera zaulere ndiye amakukonda. Amakhala pamsana pa munthu woyenda, pa njinga, kapena kuseri kwa lole, n'kukatsikira pakati pa ng'ombe za eni. Geti lenilenilo silinali chinthu chodabwitsa ayi: mphanda ziwiri, mtengo wopingasa wopaka njereza, ndi kachisakasa pambali. Mlonda anapatsidwa yunifomu ya khaki, kaukonde ka chigwiriro chachitali, ndi pampu yopopera mankhwala. Aliyense wokwera kumtunda ankayenera kuima, kumuzungulira, kumupopera, ndiye mtengo ukwezedwe.

Ntchito imeneyi ena amaigwira atagona pamphasa. Asibweni anaigwira ngati ubusa. Anaimitsa abusa enieni ali pa njinga yamoto kuthamangira ubatizo. Anaimitsa ukwati wonse, nyimbo zili pakamwa, mpaka mkwatibwi anavundukulidwa nsalu kuti amuone kumsana. Bwana woyang'anira za kashembe, mzungu wachinyamata wamanyazi, nayenso anamutsitsa m'galimoto lake lomwe, ndipo bwanayo anakondwa kwambiri mpaka anawalembera kalata yowayamikira.

Amene anavutika koposa ndi a Damaris, chifukwa dimba lawo linali kutsidya kwa geti. M'mawa uliwonse ankawaimitsa.

“Bambo inu, tagona nyumba imodzi. Kashembe ndamutenga kuti ine?”

“Tembenukani, NyaZimba. Lamulo silinanene za kumene munthu wagona.”

“Tsiku lina ndidzakudyetsani lamulolo ndi mchere.”

“Kwezani dengu.”

Koma ntchitoyo a Damaris ankainyadira. Pamudzi ponse nyumba yawo yokha ndiyo inkalandira malipiro a boma, ndipo ndi chifuwa chija asibweni sakanatha kubwerera kumigodi. Geti likanawachoka, chotsala chinali khasu basi.

M'chilimwe cha 1955 kunabwera kampani. Dzina lake lenileni linali lalitali, ndipo palibe analigwira. Ife tinkangoti Kampani ya Nyundo, chifukwa anthu ake ankayenda m'mitsinje youma ndi tinyundo, kuswa miyala, kuinunkhiza, n'kuithira m'matumba. Ankati anatumidwa ndi eni migodi kudzafuna chuma cha pansi. Anamanga msasa kumunsi kufupi ndi Luangwa, ndipo malole awo anayamba kukwera ndi kutsika, atatu kapena anayi pa tsiku. Mkulu wawo anali mzungu wofiira khosi amene ankayamba kuliza hutala akali kutali, geti lisanaoneke n'komwe. Anthu anamutcha Bwana Hutala. Dalaivala wake anali Jackson, mnyamata wa m'tauni wovala magalasi akuda, wodziwa zinenero zisanu ndi mwano wa chinenero chilichonse.

Sabata yoyamba Bwana Hutala anangotukwana. Sabata yachiwiri, lole itaima, Jackson anatsika ndi katoni m'manja. Munali zitini za nyama, shuga, ndi nsapato za jombo zatsopano.

“Mdala, abwana akuti mulandire aka. Akuti muzikumbukira kuti iwo ndi munthu wofulumira.”

Asibweni anatula kaukonde, nalandira ndi manja awiri, nawomba m'manja atawerama. Bwana Hutala anagwedeza mutu m'galimoto, poganiza kuti amvana.

Apa ndiyenera kuwateteza asibweni anga, chifukwa ena amati munthu wokhala kumigodi zaka zonsezo akanadziwa kuti chimenechi n'chiphuphu. Koma iwo anakhala pansi pa nthaka ndi fosholo, ndipo ndani anapatsapo chiphuphu munthu wa fosholo? Chimene ankadziwa ndi mwambo wa kwathu. Kuno mlendo amene si mbale wako akakupatsa mphatso popanda chifukwa, ndiye kuti akupempha ubwenzi. Ukavomera umabweza mphatso yako, ndipo kuyambira tsikulo vuto lake ndi lako, manyazi ake ndi ako.

Madzulo ake anakhala pakhonde ndi a Damaris kuyang'ana katoniyo.

“Mzungu ameneyu ali yekhayekha m'tchire muno,” anatero asibweni. “Alibe mbale. N'chifukwa chake amakalipa.”

“Ndiye mbale yake isabwerere yopanda kanthu,” anatero a Damaris. “Tisachititse manyazi mudzi.”

M'mawa mwake lole itafika, Bwana Hutala anadabwa kuona akumuikira pamiyendo lichero la mpunga wopuntha bwino, ndi tambala wamkulu womanga miyendo. Asanatsegule pakamwa, asibweni, atavala jombo zija, anauza anyamata a kumbuyo kuti atsitse matumba onse a miyala.

“Mdala, mukuchita chiyani?” anafunsa Jackson. “Dzulo simunatsitse matumba!”

“Dzulo anali munthu wamba. Lero ndi bwenzi langa. Lole ya bwenzi langa ichoke pano ndi kashembe, ikaphe ng'ombe za anthu, dzina la ndani lidzaipa? Tsitsani onse.”

Anayang'ana thumba lililonse pamwamba ndi pansi. Analowa kunsi kwa lole chagada. Anapopera mankhwala mpaka pampu inauma, natuma mwana kukatenga ena kunyumba. Ntchito ya mphindi khumi inatenga maola awiri, tambala akulira m'galimoto, mwini wake akutuluka thukuta.

Bwana Hutala anaganiza kuti mphatso inachepa. Anatumiza chikhoti chachikulu cha asilikali, ndi tochi. Asibweni anabweza mphika wa uchi ndi nsomba zouma. Anatumiza matayala awiri a njinga. Asibweni anabweza abakha awiri, wamwamuna ndi wamkazi, kuti bwenzi lawo liyambe kuweta. Ubwenzi ukamakula, kufufuza nakonso kunkakula. Pofika mwezi wa Okutobala anayamba kumutsitsa bwanayo, kumuvula chipewa ndi kumuzungulira katatu, uku akumufunsa za moyo wa makolo ake.

Tsiku lina akumuzungulira choncho anaona kashembe wonenepa atatera pakhosi lofiira lija. Munthu wamba akanangomuuza kuti adzimenye yekha. Koma bwenzi sungamusiye alumidwe uli pomwepo. Anaponya kaukonde, ndipo kanalowa mutu wonse wa Bwana Hutala mpaka m'mapewa.

“Musagwedezeke, bwenzi, ali m'katimo!”

Anyamata a kumbuyo kwa lole anabisa nkhope m'matumba a miyala. Mawu amene anatuluka m'kaukondemo Jackson anakana kuwamasulira.

Tsiku lotsatira Jackson anabwera yekha. Anazimitsa injini, navula magalasi ake, nakhala pa chitsa pafupi ndi kachisakasa.

“Mdala, ndikuuzeni ngati mwana wanu. Palibe ubwenzi apa. Munthu uja amafuna kugula mkono wanu, kuti mukamva hutala muzingokweza mtengo. Abakha anu anapatsa kuki wake kuti aphike tsiku lomwelo.”

Asibweni anatula kaukonde pansi.

“Onse awiri?”

“Onse awiri. Ndi mbatata.”

Asibweni anawerama, namasula zingwe za jombo, naziika pakati pa msewu. Analowa m'kachisakasa, natulutsa chikhoti ndi tochi.

“Matayala ali ku njinga, ndichotsa madzulo. Mukamuuze kuti mkono uwu ndi wa boma.”

Jackson anaseka mpaka kutsokomola. “Wa boma! Nanga boma ndi la ndani? Mlatho wa pamtsinje uja unagwa chaka chatha, anaukonza ndani? Galimoto la bwana wanu wa kashembe likuyendera matayala a ndani? Khonde latsopano kumene azungu a ku boma amamwera madzulo, simenti yake inabwera pa lole iyi, ndinayendetsa ndine. Ndipo amenewa ndi ang'onoang'ono. Eni ake a kampani amadya tebulo limodzi ndi amene amalemba malamulo. Kampani ikalephera kugula mlonda, mdala, imakagula mwini geti.”

“Iwe ndiwe mwana,” anatero asibweni. “Boma silidya abakha.”

Patapita masabata atatu bwana wa kashembe anabwera yekha ndi kalata yochokera kwa akuluakulu a kutali. Anaiwerenga ataimirira, maso ali papepala, osayang'ana munthu. Inati akatswiri apeza kuti malole a kampani amathamanga kwambiri kotero kuti kashembe sangathe kukwerapo, choncho asamaimitsidwe.

Asibweni anapisa m'thumba, natulutsa bokosi la machesi, nalitsegula pang'ono. Munali akashembe anayi.

“Awa ndawagwira lero m'mawa, bwana, pa lole ya kampani.”

“Mwina ndi a pamudzi pano, Jeremiah.”

“Mwina. Koma ndifunseko, bwana. Kalatayi mwandiwerengera ine. Nanga kashembe amuwerengera ndani?”

Bwanayo anafiira makutu. Ananena motsitsa mawu kuti iye sanalembe kalatayo, kuti migodi ndiyo imadyetsa dziko lonse, ndi kuti munthu wa banja aziganizira yunifomu yake.

“Ndamva, bwana. Ndiye mundilembere pansi kuti lamulo loyamba lija lafa, ndikhome pa mphanda apa.”

Bwanayo sakanatha kulemba zimenezo, chifukwa lamulo linali likadali m'buku. Kalatayo inangolizungulira. Anakwera galimoto lake, ndipo asibweni anamuzungulira, namupopera, namukwezera mtengo. M'mawa mwake anaimitsa lole ya kampani monga mwa masiku onse.

Ine ndaganiza kwambiri za chimene chinachitika pambuyo pake, ndipo ndikufuna owerenga a m'matauni achimvetse, chifukwa ndikhulupirira kuti sichichitika kwa Tembwe kokha. Boma silikanatha kuuza asibweni kuti alakwa, poti sanalakwe. Silikanathanso kuuza kampani kuti iziima. Ndiye linapereka chilolezo chokonza msewu. Linafika chigalimoto cha kampani chopala misewu, chachikasu, ndipo masana amodzi chinalambula kamsewu katsopano kochoka pamsewu waukulu, kuzungulira kuseri kwa kachisakasa, n'kukalowanso mumsewu womwewo patsogolo. Geti silinakhudzidwe. Linangotsala pakati ngati chulu m'munda.

Malole anayamba kudutsa kuseri, fumbi lake likugwera pa ufa umene a Damaris ankayanika. Jackson ankakweza dzanja podutsa. Patapita masiku owerengeka a njinga nawonso anayamba kudzera komweko, kenako oyenda pansi. Munthu sungamuimbe mlandu, msewu unali wosalala. Asibweni ankavala yunifomu m'mawa uliwonse, n'kuima pa geti ndi kaukonde kawo, kulonda msewu umene munkadutsa nkhuku zokha.

“Khalani pansi, bambo,” ankatero a Damaris. “Malipiro akubwera, ntchito kulibe. Ena amapempherera zimenezi.”

“Ng'ombe za kumtunda zikupempherera chiyani?”

“Muli nayo ng'ombe inu?”

Anapirira masabata awiri. Lolemba lina, dzuwa litangotuluka, anatenga khasu nayamba kukumba mphanda. A Damaris anatuluka ndi mtsuko pamutu, naima.

“Mukudziwa kuti mukachita zimenezi atichotsa?”

“Ndikudziwa.”

“Mukudziwa kuti chifuwa chanucho sichingalime munda wa kudambo?”

“Ndidzalima pang'onopang'ono.”

A Damaris anatula mtsuko. Amati anawatukwana ndi mayina a makolo awo onse mpaka agogo a agogo. Atatha anati, “Nyamulani mphanda. Mtengowo ndisenza ine, mungagwe nawo pamsewu anthu n'kutiseka.”

Anakazika geti patsogolo, pamene misewu iwiri ija inkakumana, pakati pa mwala waukulu ndi chigwembe. Pamenepo ngakhale njinga sikanazemba.

Tsikulo kampani inkasamutsa makina obowolera, ndipo malole anabwera asanu motsatizana. Onse anaima. Bwana Hutala anali m'lole yoyamba. Anaika dzanja pa hutala osalichotsa, mpaka hutalayo inasasa mawu, inalira ngati mwanambuzi, n'kuzima. Asibweni sanamupatse moni wa ubwenzi, sanamufunse za makolo ake. Anagwira ntchito ya mphindi khumi pa lole iliyonse, osawonjeza osachotsa, nagwira akashembe khumi ndi mmodzi. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera, ena ndi mipando yawo.

Lachisanu mesenjala anabweretsa pepala. Silinatchule kampani, silinatchule kashembe. Linati Jeremiah Ng'uni wachotsedwa ntchito chifukwa chosuntha katundu wa boma popanda chilolezo, ndipo akabweze yunifomu ku boma. Akaidi awiri anabwezera geti pamalo ake akale. Ntchito anaipereka kwa a Friday Mtonga, munthu wofatsa woluka mphasa, amene anaivomera chifukwa anamva kuti angathe kumalukira pomwepo.

A Damaris anachapa yunifomu, naisita ndi simbi ya makala, naikulunga m'nsalu. Asibweni anaimanga pa keliyala ya njinga, navala malaya awo akale a kumigodi. Njira ya ku boma ndi yomweyo yokwera kumtunda. Atafika pa mphambano sanakhotere kumsewu wosalala. Analunjika pa geti, natsika.

A Friday anataya mlaza, nathamanga kukakweza mtengo.

“Pitani, adada, pitani. Pepani ndi zimene zachitikazi.”

“Wandiona kumsana?”

“Aa, adada, inu? Ine ndikufufuzeni inu?”

“Tsitsa mtengo. Tenga kaukonde.”

A Friday anatsitsa, natenga kaukonde mozondotsa.

“Wazondotsa, gwira kuchigwiriro. Yambira kumapewa. Usathamange, kashembe amaona mthunzi wako.”

Ali mkati mozungulira, kunamveka injini. Lole ya kampani inakhotera kuseri kwa kachisakasa, fumbi lili kobo, anyamata a kumbuyo akuimba. A Friday anatembenuka kuiyang'ana.

“Usayang'ane uko, si kwako. Yang'ana pansi pa mtolo.”

A Friday anawerama, nakweza nsalu ya mtolo pang'ono, nadumpha.

“Alipo, adada! Alipo mmodzi!”

“Ndiye ukufuna ndikugwirire ndine? Ine ntchito ndilibe.”

A Friday anaponya kawiri n'kuphonya. Kachitatu anamugwira, namutswanya ndi chala, nawaonetsa.

“Popera njinga. Matayala onse. Eya. Manje kweza.”

A Friday anakweza mtengo ndi manja awiri. Asibweni anakankha njinga kudutsa, natsokomola, nakwera, nayamba kupalasa chitunda pang'onopang'ono.